Anapita ku Nkhondo, Maliro Awo Sanaliridwe

Ku Malambo, monga eni ake amatchulira chigwa cha Luangwa m'boma la Mambwe, maliro sabisika. Pamsewu wodutsa pamudzi amayalapo nthambi zamasamba, wa panjinga amatsika n'kuyamba kukankha, woyendetsa galimoto amachepetsa liwiro n'kutseka wailesi. Amayi amalowa m'nyumba ya siwa, abambo amakhala panja mozungulira chikuni cha tsanya chimene chimanyeka usiku wonse, kwaya ikatha nyimbo iyi n'kutola ina mpaka tambala woyamba. M'bandakucha adzukulu amanyamula makasu kupita kumanda. Bokosi lisananyamulidwe, wachibale amaimirira n'kunena mbiri ya malemu: anabadwira kwa yani, anakwatira kuti, wasiya ana angati, chamutenga n'chiyani. Mfumu imayankhula, abusa kapena akatekisiti amalalikira, ndipo palibe amene amafunsa ngati womwalirayo anali munthu wodziwika. Ngakhale msodzi amene ng'ona yamukokera m'madzi, thupi osapezeka, abale sangoti zatha. Amasonkhana ndithu, amalira, amalandira chipepeso, chifukwa imfa yosaliridwa imakhala ngati ngongole pamudzi, ndipo akuluakulu anati maliro n'kulirana.

Koma alipo akufa ena amene mwambo umenewu unawalumpha. Ndi anthu amene nkhondo inawatenga kuchoka m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia n'kukawasiya m'tchire la dziko la eni, ndi ena amene nkhondo inawapeza pakhomo pawo ali ndi khasu m'manja. Ambiri a iwo sanavale yunifomu, sanagwire mfuti, ndipo mayina awo sali pa mwala uliwonse. Mpingo wa kumudzi, womwe umagona pamaliro a aliyense, ndiwo uli ndi udindo komanso luso lolira anthu amenewa. Boma lili ndi mwambo wake wokumbukira asilikali, ndipo si woipa, koma ndi perete. Mpingo ukangokopera perete ija n'kuilowetsa m'tchalitchi, udzakhala utataya chinthu chokhacho chimene uli nacho chomwe boma lilibe.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo a ku Nyasaland anaitcha ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosalekeza ija, inali ya azungu, koma kuno inayenda pamitu ya anthu akuda. Chifukwa chake munthu wa ku Malambo sangavutike kuchimvetsa: kashembe. Ntchentche yomweyo imene kwa zaka zambiri inaletsa anthu a m'chigwa kuweta ng'ombe inkaphanso ng'ombe zokoka ngolo, akavalo ndi abulu a asilikali. Misewu ya galimoto inali yochepa, ndipo mvula ikagwa inkasanduka matope. Choncho ufa, mpunga, zipolopolo, matenti ndi mankhwala zinkafika kumalire a German East Africa, dziko limene lero ndi Tanzania, zitasenzedwa pamutu. Aboma la Northern Rhodesia ankalamula mafumu kuti apereke amuna, ndipo maboma a kum'mawa, kuphatikizapo Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, sanasiyidwe. Mtengatenga ankasenza katundu wolemera pafupifupi makilogalamu 27, wopanda nsapato, kwa milungu yambiri, chakudya chake chikuchokera m'mitolo yomweyo imene gulu lake lanyamula. Ulendo ukatalika, chakudya chinkathera panjira. Amene anafa ndi chipolopolo anali ochepa. Ambiri anatha ndi kamwazi, malungo, chibayo ndi njala, ndipo wodwala akalephera kudzuka m'mawa, gulu linkapitirira. Olemba mbiri amawerengera kuti Angerezi anagwiritsa ntchito amtengatenga pafupifupi 1 miliyoni pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, ndipo osachepera 95,000 anafa. Kumudzi minda inatsala ndi amayi ndi nkhalamba, nkhokwe zinaphwa, ndipo amene anabwerera kumapeto kwa 1918 anafika pamodzi ndi mliri wa fuluwenza umene unapululanso anthu.

Ku Mbala, kumene kale kunkatchedwa Abercorn, kuli chipilala chokumbukira amtengatenga 1,467 a ku Northern Rhodesia amene anafera pa nkhondo imeneyi. Pali nambala, palibe dzina ndi limodzi lomwe. Msilikali wachizungu amene anafera m'tchire lomwelo anafukulidwa, n'kukaikidwa m'manda osesedwa bwino, pamwala pake n'kulembapo dzina, zaka ndi mawu a mayi ake. Izi sizinachitike mwangozi. Mu Epulo 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a asilikali a mayiko amene anali pansi pa Britain, linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, ndipo mwina mpaka 350,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanalembedwe mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, ndi kuti tsankho linali m'gulu la zifukwa zake. Nduna ya zachitetezo ya Britain ya nthawi imeneyo, Ben Wallace, inapepesa m'nyumba ya malamulo. Akuluakulu ena achitsamunda a zaka za m'ma 1920 ankanena kuti munthu wakuda sasamala za manda. Aliyense amene anaonapo adzukulu akukumba nthaka youma ya Okutobala kuyambira tambala woyamba, kapena banja likusonkha ndalama zaka ziwiri kuti limange chiliza, aweruze yekha mawu amenewo.

Boma la Zambia limakumbukira. Lamulungu loyandikana ndi 11 Novembala, pachipilala cha Cenotaph ku Lusaka pamakhala nkhata za maluwa, lipenga, ndi mphindi ziwiri za chete, ndipo mu Julayi muli tsiku la ngwazi. Mayina a misasa ya asilikali nawonso ndi chikumbutso, ngakhale ambiri amene amawatchula tsiku ndi tsiku sadziwa kumene anachokera. Munthu wa ku Mfuwe kapena kwa Jumbe akakwera minibasi kupita ku Chipata amamva za Gondar Barracks. Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a ku Africa omenyera Britain anagonjetsa Ataliyana mu Novembala 1941. Tug Argan ya ku Ndola ndi mpata wa pakati pa mapiri ku Somaliland kumene gulu la Northern Rhodesia Regiment linamenya nkhondo yoopsa mu Ogasiti 1940. Arakan ya ku Lusaka ndi Chindwin ya ku Kabwe ndi mayina a ku Burma, kumene anyamata ochokera m'midzi ya kuno anakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango zamvula. Zonsezi n'zoyenera, ndipo msilikali amene anaika moyo wake pachiswe ayenera kupatsidwa sawatcha. Koma mwambo wa boma uli ndi malire ake. Umachitikira ku likulu, makilomita mazanamazana kuchokera kwa Nsefu kapena kwa Malama. Umatchula magulu ndi maudindo, ndipo chilankhulo chake n'cha ulemu ndi kulimba mtima, pamene wamasiye akufuna pomwe angagwe pansi n'kulira mokweza. Tsiku lenilenilo ndi la ku Ulaya. Pa 11 Novembala 1918, pamene mabelu ankalira ku London, mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anali akuyendabe ndi gulu lake cha ku Kasama. Uthenga woti nkhondo yatha unamupeza pamtsinje wa Chambeshi patapita masiku, ndipo anakatula zida ku Abercorn pa 25 Novembala. Kwa mtengatenga wa kuno, milungu iwiri imeneyo inali ya nkhondo ngati ina yonse.

Ndiye pali anthu wamba a nthawi ya ufulu. Zambia sinakhalepo ndi nkhondo yapachiweniweni, koma inalipira chifukwa chosunga omenyera ufulu a mayiko oyandikana nawo. Mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira Kavalamanja, kumunsi kumene Luangwa amakathira mu Zambezi, ndipo kunafa omenyera ufulu a ZIPRA, asilikali a Zambia ndi anthu a m'mudzi. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho ndege zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo asilikali anaukiranso msasa wa ku Mkushi kumene kunali atsikana ambiri. Anthu mazanamazana anafa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zinkadutsa malire kuchokera ku Mozambique n'kugwera midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kupha, kuba ziweto ndi kutenga anthu. Othawa nkhondo zikwizikwi anakhazikidwa ku Ukwimi, ndipo anadzabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ku Kavalamanja kumachitika mwambo wachikumbutso chaka ndi chaka, ndipo n'zabwino. Koma mayi amene anaphedwa pa dimba lake m'malire a Chadiza sali m'kaundula wa gulu lililonse la asilikali. Mpingo wa ku Malambo sungati zimenezi zinali kutali. Bishopu woyamba wa dayosizi ya Anglican ya Eastern Zambia, imene tchalitchi chake chachikulu cha Luka Woyera chili ku Msoro m'boma lomwe lino la Mambwe, anali John Osmers, wobadwira ku New Zealand, amene anaduka dzanja lamanja mu 1979 ku Lesotho ndi bomba lotumizidwa m'phukusi chifukwa chothandiza othawa tsankho la ku South Africa. Akhristu amene analandira mgonero kwa iye anaona ndi maso awo chimene nkhondo imasiya pathupi la munthu wosagwira mfuti.

N'chifukwa chiyani ntchitoyi igwere mpingo? Choyamba n'chakuti mpingo ulipo kumene boma kulibe. Mvula ikakula m'chigwa, mitsinje ya Lupande ndi Lutembwe ikadzaza, pali midzi imene galimoto silifikako kwa milungu, koma Lamulungu belu, kapena chitsulo cha gudumu chopachikidwa pamtengo, chimalirabe. Ku Msoro mishoni inayambidwa ndi Leonard Kamungu, wansembe wachikuda wochokera ku Nyasaland, amene anamwalira komweko mu 1913, chaka chimodzi nkhondo isanayambe. Anyamata amene iye anawaphunzitsa kuwerenga anali a msinkhu weniweni umene aboma ankafuna ponyamula katundu. A Reformed ali ku Kamoto, Akatolika ali ku Chikowa, ndipo lero mipingo yachipentekoste ili pamsika uliwonse. Pamwamba pa izi, mpingo uli ndi chilankhulo cha kulira chimene sichichita manyazi. M'Buku Lopatulika muli buku lathunthu lotchedwa Maliro, lolira mzinda wowonongedwa ndi nkhondo, ndipo amene akulira kwambiri m'menemo ndi amayi, ana ofa ndi njala m'misewu ndi nkhalamba zopanda wozilemekeza. Muli Rizipa, mayi amene anayala chiguduli pathanthwe n'kukhala miyezi akuingitsa mbalame masana ndi zilombo usiku kuti zisadye mitembo ya ana ake, kufikira mfumu itachita manyazi n'kulamula kuti mafupa aikidwe. Muli Uriya, msilikali wokhulupirika amene mfumu yake yomwe inamuika patsogolo pa nkhondo kuti afe, ndipo mneneri Natani anakaiuza mfumuyo pamaso. Mlaliki amene ali ndi nkhani zimenezi m'manja alibe chifukwa chobwerekera mawu kwa mkulu wa asilikali.

Chotsutsa choyamba n'chachikulu, ndipo sitingachinyoze. Ena amati mpingo ukayamba kukumbukira akufa pankhondo, posachedwa umapezeka ukudalitsa nkhondoyo. Mbendera imalowa m'tchalitchi, akuluakulu a ndale amakhala kutsogolo, ulaliki umasanduka wotamanda nsembe ya magazi, ndipo mnyamata wokhala kumbuyo amatuluka akuganiza kuti kufa ndi mfuti m'manja ndiyo njira yachidule yopitira kumwamba. Izi zachitikadi m'mayiko ambiri. Mu 1914 mipingo ya ku Britain ndi ya ku Germany yonse inkapempha Mulungu mmodzi yemweyo kuti aigonjetsere inzake, ndipo kuno amishonale ena anathandiza kulemba amtengatenga. Koma m'chaka chomwecho, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, m'busa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera mkangano womwe si wawo, n'kusiya amasiye ndi ana opanda wowasamala. Kulira kwake kunali kutsutsa. Mu Julayi 1982, nkhondo ya ku zilumba za Falklands itatha, boma la Britain linkayembekezera mapemphero a chipambano m'tchalitchi cha St Paul's ku London. Arkibishopu Robert Runcie, amene iye mwini anali msilikali wa akasinja pa nkhondo yachiwiri ndipo analandira mendulo ya kulimba mtima, anakumbutsa anthu kuti amayi a ku Argentina nawonso akulira ana awo. Andale ambiri anakwiya ndipo manyuzipepala ena anamunyoza. Ngoziyo ilipodi, koma mankhwala ake si kukhala chete. Mpingo ukakhala chete, perete imatsala yokha, popanda wofunsa kuti anamutuma ndani mwanayo ndipo anapindula ndani. Pamaliro a kumudzi funso loti chamupha n'chiyani limafunsidwa poyera, nthawi zina mpaka adzukulu kukana kukwirira asanayankhidwe. Mpingo ulire motero.

Apa pakutuluka funso lowawa kwambiri, la mdani. Kodi banja la ku Katete limene bambo wake anadulidwa ndi zikwanje za Renamo lingakhale m'tchalitchi n'kumva abusa akutchula zigawengazo m'pemphero limodzi ndi bambo wawo? Palibe amene ali ndi ufulu wolikakamiza, ndipo m'busa wofulumira kulalikira chikhululukiro bala lisanapole amangowonjezera ululu. Koma tiyang'ane amene ankatchedwa adaniwo. Ambiri mwa ankhondo a Renamo anali anyamata ogwidwa m'midzi, ena a zaka zosakwana 15, ena olankhula Chichewa, Chinsenga ndi Chinyungwe, a mafuko omwewo a Phiri, Banda ndi Mwale amene ali mbali ino ya malire. Amtengatenga a von Lettow-Vorbeck ankagwidwa m'midzi imene gulu lake ladutsa, mofanana ndi a Angerezi, ndipo anafa ndi kamwazi yemweyo. Nkhani ina ndi ya mnyamata wa ku Zambia amene anapita ku Russia kukaphunzira, n'kumangidwa, n'kutulutsidwa m'ndende kuti akamenye nkhondo ku Ukraine ndi gulu la Wagner, kumene anafera mu Seputembala 2022. Thupi lake linafika ku Lusaka mu Disembala. Pa chipilala cha boma alibe malo: sanafere Zambia, ndipo nkhondo imene anaferayo anthu ambiri amaiona kuti ndi yolanda dziko la eni. Koma anali mwana wa munthu, ndipo anaimbiridwa nyimbo za maliro monga wina aliyense. Kulira munthu sikutanthauza kuvomereza zimene anachita kapena zimene anamuchititsa. Davide analira Sauli, amene kwa zaka anamusaka ngati nyama. Kumudzi timaika m'manda ngakhale mbava yodziwika, mbiri yake n'kuifupikitsa, koma osamutaya kutchire.

Chotsutsa china n'cha chiphunzitso. Akatolika ndi a Anglican ali ndi 2 Novembala, tsiku lokumbukira okhulupirira onse omwalira, ndipo kwa iwo kupempherera akufa si nkhani yachilendo. A Reformed, a Seventh-day Adventist ndi achipentekoste ambiri amaphunzitsa kuti munthu akafa zake zatha, pemphero silingamusinthire kalikonse, ndipo ena amaopa kuti mwambo wotere ungatsegule khomo la kupembedza mizimu, limene amishonale analimbana nalo poletsa mowa wa bona. A Mboni za Yehova, amene ndi ambiri kum'mawa kuno, salowerera n'komwe miyambo ya dziko. Kusiyana kumeneku n'kwenikweni ndipo sikungathe ndi msonkhano umodzi wa abusa. Koma taonani zimene mipingo yomweyi imachita kale. Amayi a Chigwirizano amagona pasiwa usiku wonse, ngakhale sakhulupirira kuti nyimbo zawo zikusuntha mzimu wa malemu. M'busa wa Reformed amapita kukavundukula chiliza patatha chaka, amawerenga dzina lolembedwa pamwalapo, amathokoza Mulungu chifukwa cha moyo wa munthuyo ndi kutonthoza otsala. Zimene zikufunika pa akufa a pankhondo n'zomwezo basi: kutchula dzina, kunena zoona za imfa yake, kupempherera otsala, ndi kuvomereza pamaso pa Mulungu kuti zimene zinachitikazo zinali zoipa. Wofuna kuwonjezera Misa awonjezere. Wosafuna sanataye kalikonse ka chikhulupiriro chake.

Chotsutsa chimene chimamveka kwambiri m'chigwa mwina si cha chiphunzitso ayi, koma cha m'mimba. Munthu wa kwa Kakumbi kapena kwa Mnkhanya anganene kuti: nkhondo yathu ife ndi njovu zimene zimatha munda usiku umodzi n'kupha mlimi pa msasa wake wolondera, ndi ng'ona, ndi madzi osefukira, ndi malungo. Tikalire anthu a 1917 pamene wa dzulo sitinamalize kumulira? Dziko lili pamtendere, kufukula zakale kuli ndi phindu lanji? Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo mpingo umene ungagule nkhata za maluwa pamene wamasiye wa m'mphakati mwake akugona ndi njala ndi wofunika kudzudzulidwa. Koma zakalezo sizinathe monga tikuganizira. Asilikali a Zambia akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations ku Mozambique, Rwanda, Angola, Sierra Leone ndi Sudan, ndipo kuyambira 2015 ali ku Central African Republic, kumene ena afera. A Malawi anataya asilikali asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni ku Congo mu Novembala 2018. Amene amalowa usilikali ambiri ndi ana a alimi, opita chifukwa ntchito kulibe, ndipo bokosi lokutidwa ndi mbendera likabwera limatsikira pamudzi. Asilikali amaomba mfuti zaulemu, amapinda mbendera, amakwera galimoto lawo n'kubwerera. Otsala ndi wamasiyeyo, kumudikirira pamene akuyenda ulendo wautali wolondola ndalama za mwamuna wake, ndi amayi a mpingo. Komanso mtendere umene timanyadirawu suli ngati phiri loti lidzakhalapo mpaka kale. Timati nkhondo simanga mudzi, koma mwana wobadwa mu 2005 mawuwa amawamva ngati mwambi chabe, pokhapokha atamva dzina la agogo a agogo ake likuwerengedwa, ndi kuuzidwa kuti anatsala m'njira ya ku Kasama chifukwa cha mkangano wa mafumu a ku Ulaya amene sanawaonepo.

Chovuta chenicheni ndi mayina. Aboma sanawalembe, kapena anawalemba m'makaundula amene anatayika, kapena analemba dzina limodzi lolakwika popanda mudzi. Koma mayina sakhala papepala pokha. Akunda, monga Achewa ndi Ansenga, amatsata mtundu kuchikazi, ndipo amayi okalamba amasunga m'mutu mndandanda wa amalume ndi alongo a mibadwo itatu kapena inayi: uyu anapita ku Joni, uyu ku Walale, uyu anatengedwa pa mtengatenga osabwerera. Mwana amapatsidwa dzina la malemu, moti alipo anthu lero amene akuyenda ndi dzina la mtengatenga osadziwa. M'mabuku a ubatizo a mishoni zakale muli mayina a anyamata amene anabatizidwa nkhondo isanayambe, kenako osaonekanso paukwati kapena pamaliro. Mkulu wa mpingo kapena katekisiti wokhala ndi kope la sukulu ndi bolopeni, atazungulira mabanja limodzi ndi anyakwawa, angatole m'miyezi iwiri zimene ofufuza ochokera kunja sangazipeze pazaka. Ndipo pamene dzina latayikiratu, mpingo uli nayo kale njira. Pa 11 Novembala 1920, ku Westminster Abbey anaika m'manda msilikali wosadziwika, kuti mayi aliyense amene mwana wake sanapezeke athe kuganiza kuti mwina ndi ameneyo. Maganizo amenewo anachokera kwa m'busa wa asilikali, David Railton, amene anaona kamtanda ka mitengo pamanda opanda dzina ku France. Ku Malambo sitikusowa mwala wa mtengo wapatali kuti tichite zofanana. Munthu wa m'banjamo atha kuimirira n'kunena kuti kwathu kunachoka amuna awiri, alongo ake a agogo athu, mayina sitikuwadziwa, ndipo mpingo n'kuvomera monga umavomerera pa mbiri ya malemu aliyense.

Pa nthawi ya mapemphero oterewa, Novembala ndi wabwino, osati chifukwa London inasankha choncho, koma chifukwa ndi mwezi umene chigwa chimakhala chikudikira. Kutentha kwafika pachimake, nyenje zikulira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa, mbewu zili m'thumba, minda yasoseredwa, maso onse ali kumitambo. Lamulungu loyandikana ndi 25 Novembala lingakhale loona kwambiri kwa ife kuposa la 11. Mapempherowo asakhale ndi mpando wa mlendo wolemekezeka. Asilikali opuma ndi amasiye akhale pamene anamfedwa amakhala, mfumu ya m'deralo iyankhule monga imayankhulira pamaliro, ndipo mbale ikadutsa, zosonkhedwazo zipite kwa amasiyewo monga chipepeso. Mayina awerengedwe mudzi ndi mudzi, osatsata udindo, sajeni pambali pa mtengatenga, mtengatenga pambali pa mayi wa pa dimba uja. Mphindi ziwiri za chete n'zabwino kwa amene anazolowera kulira chamumtima. Kwathu kuno chete wotere sakhalitsa, pamapezeka mayi mmodzi kumbuyo amene amayamba nyimbo motsitsa, anzake n'kuilandira, ndipo woyendetsa mwambo asamuletse. Agogo amene anamva mayinawa kuchokera pakamwa pa amayi awo, amene anaona amunawo akunyamuka, tsopano apitirira zaka 80, ndipo chaka chilichonse adzukulu akukwirira ena mwa iwo kumanda a kwa Msoro, kwa Jumbe ndi kwa Nsefu.